Azakhali ndi Madiski a Kwaya

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, ankaimba ngati njinga yosowa girizi. Pepani, ndi akuluakulu, koma chilungamo chake ndi chimenecho. Akakweza sopurano, ana m'tchalitchi ankayang'ana kudenga poganiza kuti mphepo ikusasula malata. Koma kwaya ya mpingo wathu kwa Nazombe anaiyambitsa ndi iwowo, amuna awo adakali moyo. Ndiye akanawauza ndani kuti mayi khalani pansi?

Chipulumutso chinabwera ndi kiyibodi. Mkulu wina wa mpingo amene ankagwira ntchito ku Joni anatitumizira kiyibodi yakale, yolemera ngati thumba la nandolo. Kutsogolo kwake kunali kakamwa kolowetsamo diski, timapulasitiki takuda tamakona anayi tija. Poti ine ndinkakhwatchako gitala wa chigubu, anati iwe ndiye woliza. Ndinkajambula ng'oma ndi besi n'kuzisunga mu diski, ndipo poimba diskiyo inkaliza zimenezo, ine n'kumangothira zala pamwamba. Vuto linali lakuti diski imodzi inkanyamula nyimbo zochepa. Pankafunika munthu woima pambali panga, wotulutsa iyi n'kulowetsa inayo msanga nyimbo ikatha.

Inali nthawi ya matipate, anthu titapenga ndi mavoti. Ngakhale wosesa m'tchalitchi tinkachita kumuvotera. Tsiku lina tcheyamani wa kwaya, bambo wochenjera amene ankagulitsa kaunjika pamsika, anaimirira n'kukonza kolala.

"Abale, madiskiwa akufunika msungi. Munthu wamkulu, wosamala, amene angadzipereke mpaka kusiya kuimba chifukwa cha udindo."

Anatchula azakhali. Manja onse m'mwamba! Ena anakweza awiriawiri.

Aaa, udindo anaugwira azakhali! Madiski ankawasunga m'chitundu, kadengu kachivundikiro kaja, atawakulunga m'kansalu. Iliyonse anaimata kaulusi ka mtundu wakewake. Ndikangoti "yobiriwira", iwo aitulutsa, aipukuta ndi nsonga ya chitenje, aiuzira kawiri, n'kuilowetsa mwaulemu ngati akupereka mgonero. Pakamwa pali tseke, chifukwa amati zamagetsi zimafuna maso. Kwaya yathu inayamba kuitanidwa m'maukwati mpaka ku Migowi. Tinakhala pamtendere zaka zambiri ndithu.

Kenako kusamala kuja kunapitirira muyeso. Chiperoni cha kuphiri chitanyowetsa zonse m'nyumba, azakhali anayanika madiski padzuwa, palichero limodzi ndi makaka. Awiri anapindika ngati zigwada. Ndinawadandaulira, iwo n'kundiyankha kuti ndinabadwa akuona. Chaka chomwecho anankafumbwe anavuta m'nkhokwe. Azakhali atathira chimanga chawo mankhwala aufa aja, otsalawo anawaza m'chitundu. Anatsekulanso kachitseko kachitsulo ka diski iliyonse kuti mankhwala alowe bwino.

"Chosunga chimanga chingalephere kusunga nyimbo?" anatero.

Lamulungu lake, tili pakati pa nyimbo yoperekera chopereka, kiyibodi inati kho, kho, kho, ng'oma zija zii. Kakamwa kaja kanalavula diski ili mbuu. Basi, sikanamezenso china.

Ndinainyamula pakabaza mpaka pa Boma, kuchoka apo pa minibasi mpaka ku Limbe, kondakitala akulalata njira yonse kuti chinthucho chalanda malo a anthu awiri. Wokonza mawailesi ataitsekula anayetsemula mpaka misozi.

"Achimwene, mumasungiramo ufa muno?"

Anandiuza kuti makina owerenga madiski anasiya kupezeka, anthu anasamukira ku fulashi. M'malo mwa kakamwa kaja anaikamo kabokosi kokwana bwino pomwepo. Kanali ndi mabatani awiri, kagalasi koonetsa manambala ofiira, ndi kabowo kolowetsa fulashi, kanthu kochepa ngati chala chaching'ono. Anati kiyibodi iziganiza kuti ikumezabe madiski, chonsecho ikunamizidwa. Nambala iliyonse pakagalasipo ndi diski imodzi, ukadina batani wasintha diski. Nyimbo za m'madiski amene anapulumuka anazikopera mu fulashimo. Ndinabwerera kumudzi ndikumwetulira ndekha ngati wopenga.

Lachitatu pokonzekera nyimbo ndinaonetsa anzanga. Ndadina batani, nyimbo. Ndadinanso, ina. Amayi nthungululu! Azakhali anayang'ana kabokosiko, anayang'ana chitundu chawo.

"Ndiye kuti ntchito yanga yatha? Zikomo. Ndibwerere ku sopurano kwanga."

Mayo ine! Nthawi imeneyo n'kuti tikukonzekera kukajambula chimbale chathu choyamba, chimene tinachilakalaka zaka zonsezo. Lachitatu lomwelo azakhali anaimba ndi njala ya zaka zambiri. Mbuzi ya abusa inali panja inayamba kuwayankha. Mtsikana wina wa alito anadziluma mlomo mpaka kutuluka panja ngati wamva m'mimba.

Loweruka tcheyamani anafika atakonza kale bodza lake, lopaka mafuta.

"Mayi, ku Limbe atumiza uthenga. Kabokosika n'kakhanda, nyimbo zathu sikakuzidziwa bwino. Kamafuna kaziona diski yakale kuti kakumbukire. Muziigwira patsogolo pa kagalasika mpaka nyimbo ithe. Koma mwakachetechete, kakamva mawu pafupi kamasokonezeka."

Azakhali anatembenukira kwa ine. "Iwe, n'zoona?"

Ndinagwedeza mutu movomera. Chimbale ndinkachifuna, musandiyang'ane choncho.

Kuyambira pamenepo azakhali ankaima kutsogolo kwa kiyibodi, diski ili m'manja awiri, ataloza kagalasi kaja ngati akuonetsa mwana chithunzi. Mkono ukatopa ankasinthira wina pang'onopang'ono kuti kakhandako kasadzidzimuke. Nthawi zina ankaitembenuza kuti kaonenso kumbuyo. Nkhani inamveka. Amayi a mpingo wina anabwera kudzapempha diski imodzi, akuti wailesi yawo yakunyumba ikumaiwala masiteshoni. Azakhali anawakaniza, amvekere katundu wa Mulungu sabwereketsa.

Tsiku lojambula linakwana. Situdiyo yake inali kachipinda kuseri kwa golosale pa Phalombe Boma, makoma ake atamatidwa mathireyi a mazira kuti phokoso lisalowe. Tinapanikizana momwemo, thukuta lili kamukamu. Mwini situdiyo, mnyamata wa ndolo kukhutu, analumikiza kiyibodi yathu ku makina ake. Nditadina batani, azakhali anatulutsa yobiriwira n'kuima pamalo pawo.

"Agogo, mukutani kodi?" anafunsa mwini situdiyo.

"Ndikukakumbutsa," anatero azakhali.

Mnyamata uja anaseka mpaka kugwira khoma, thireyi imodzi n'kumatuka. "Kameneko kalibe maso, agogo! Anakunamizani ndani?"

Tcheyamani anayamba kufunafuna chinthu m'thumba la malaya. Ine maso pa mabatani.

"Usaseke, mwana iwe," anatero azakhali, osakweza mawu. "Ndikudziwa. Sabata ina ndinaiwala chitundu kunyumba. Ndinatola chidutswa cha patapata wakuda panjira, n'kuchigwira pamenepa nyimbo zonse. Zinalira bwinobwino. Ndipo palibe mmodzi wa inu anaona."

Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Za mavoti zija ndinadziwanso tsiku lomwelo. Munthu sungapate mavoti oposa anthu ovota popanda chifukwa. Mawu anga ndi oipa, amuna anga ankandiuza, koma iwo ankandiuza pamaso, kenako n'kundiimitsa pambali pawo. Ine ndimagwira kapulasitikika chifukwa ndikakhala kunyumba Lachitatu ndi Loweruka, ndizilankhula ndi ndani? Nkhuku?"

Anabweza diski m'chitundu, n'kuika chitunducho pamwamba pa kiyibodi. Anatuluka, n'kutseka chitseko bwinobwino kuti phokoso lisalowe.

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso. Ndinkafuna pansi patang'ambika. Koma mwini situdiyo anali ndi kwaya ina ikudikira, choncho tinayamba. Nyimbo yoyamba tinaimba ngati anthu obwera kumaliro. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inali yakale, imene azakhali ndi amuna awo anaphunzitsa kwaya ikuyamba kumene. Titafika pakolasi, tinamva kanthu kakudutsa m'mathireyi a mazira aja. Anali azakhali, atakhala pakhonde panja, akudziimbira okha. Sankakuwa ayi, koma mawu amenewo ngakhale khoma la njerwa ankaliboola.

Mnyamata uja anavula zomvera m'makutu n'kuimitsa makina.

"Pali phokoso kunjaku. Wina akawauze, tibwereze."

Palibe anasuntha. Ndinatuluka ndine. Ndinawapeza atatambalala, akusenda chinangwa chimene anagula pagolosale paja.

"Azakhali, tiyeni mulowe. Mukaime pa sopurano."

"Iyayi, ndili bwino pompano. Kuli kamphepo."

"Ndiye muziimba pomwepo."

"Ndimayembekeza chilolezo chako ngati?"

Nditabwerera ndinauza mnyamatayo kuti apitirize, ndipo chilichonse cholowa kuchokera pakhonde achisiye momwemo. Anati chimbale ndi chathu, tikachiwononga ndi zathu, koma dzina la situdiyo yake tisalilembepo.

Chimbale chitatuluka ndinapita nacho kwa azakhali, ndi wailesi yobwereka. Tinakhala pamkeka. Nyimbo yachitatu itafika pakolasi, anasiya kutongola chimanga n'kutchera khutu, nkhope itakwinyika.

"Kodi mayi akuwononga nyimbo kumbuyoko ndi ndani?"

"Ndinu, azakhali."

Anaimvetsera nyimboyo mpaka inatha. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kundikankha ndi chigongono.

"Taibwezanso. Ndipo ukwezeko pang'ono."