Tsiku limene vesi silinabwere kwa a Fainess

A Fainess athyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo zaka khumi ndi zisanu, ndipo amaopa chilichonse: njoka, kapitawo, ngakhale sikelo. Koma chimene amachiopa koposa n'kuchotsedwa ntchito, poti nyumba imene akulereramo ana atatu ndi ya kampani. Ukagwidwa ndi nkhuni za m'nkhalango ya bulugamu, ntchito yatha, makiyi ubweze.

Nanga munthu aphikire chiyani, masamba a tiyi? Mwayi wake, mng'ono wawo Tisungane anakwatiwa ndi mlonda, ndiye amadziwa kumene alonda alowera. Anapangana kuti m'mawa uliwonse Tisungane azitumiza vesi pafoni. Likakhala la m'Masalimo, njira ili bwino. La m'buku la Yobu, khalani pakhomo. Kukangoti zii, ndiye kuti dzina lafika kuofesi. Anansi ankangoti, "Koma banja ili, kupemphera kwake!"

Loweruka lina kunangoti zii. A Fainess anaimba, foni ya Tisungane yozimitsa. Anaigwedeza yawoyo, anakwera nayo pachulu, palibe. Thirakitala ikamveka, mtima phaa, ati yabwera kudzanyamula katundu wawo. Pansi pa bedi panali mitolo iwiri ya bulugamu, fungo lake lodziulula lokha.

Anaganiza zokabweza. Anasenza mtolo umodzi dzuwa likuswa mtengo, ulendo wa kunkhalango.

"Imani pomwepo!" Anali a Happy, mlonda wina amene mano ake sanaonekepo chibwerere.

A Fainess anagwada mtolo uli pamutu. "Pepani bambo, ndikubweza. Ana anga akagona kuti ine?"

"Mukubweza? Mayi, ine anandilemba ntchito yogwira otulutsa nkhuni. Olowetsa ndikawalemba bwanji mu lipoti?" Anakanda m'mutu, nayang'ana uku ndi uku. "Tulani apa. Wina ulipo?"

"Umodzi basi, bambo."

"Umenewo mukautule kuseri kwa khitchini yanga. Sitinaonane."

Lamlungu Tisungane anatulukira akumwetulira, phava la nthochi m'manja. Anali atangobatizidwa kumpingo wa Sabata, ndipo abusa analalikira kuti foni nayo izipuma Loweruka.

"Aa, achemwali, kuofesi sakukudziwani n'komwe!"

Nyumba idakali yawo. Koma mlungu wonsewo a Fainess anaphikira zitsononkho, maso ali kunyumba kwa a Happy, kumene utsi wa bulugamu unkafuka m'mawa ndi madzulo.