Penti Yomwe Inamatuka pa Ukwati wa ku Dzoole

Inu amene munalephera anthu akuona, tamvani za mayi wina wa pa Mtengowanthenga, dzina lake Lenia. Iyeyu sanagwere kuseri kwa nyumba ayi. Anagwera pakhomo pa tchalitchi, pa ukwati wa mwana wa eni ake.

Mwamuna wake, Nedson, ankapopera magalimoto penti pa kashedi kena m'mbali mwa msewu. Atamwalira anasiya ana awiri, kompuresa yakale yopoperera penti, ndi mkazi wodziwa kusakaniza penti koma wosagwirapo ntchito yonse payekha. Lenia anati apitiriza. Akulu ake a malemuwo, a Obed, sanakondwe nazo.

"Mlamu, chitsulochi si mtondo ndi munsi," anatero a Obed. "Tikadzangomanga chiliza, ndidzabwera ndi ngolo kudzachitenga. Kuli munthu akuchifuna ku Chisepo."

Lenia ankadziwa kuti kompuresa ikapita, shedi yatha, ndipo iye ndi ana akagwira ganyu yosoka fodya wa anthu ena.

Ntchito yake yoyamba inachokera kwa aphunzitsi Andreya a ku Dzoole, mkulu wa mpingo, amene anali ndi galimoto ya Pijo yakalekale. Mabampala ake ndi timizere ta zitsulo zonyezimira m'mbali mwa zitseko zinali zitachita madontho a dzimbiri. Aphunzitsi anafuna kuti zipakidwe penti yasiliva, galimotoyo idzanyamule mwana wawo wamkazi pa tsiku la ukwati.

Tsono Lenia anali mayi wa Chigwirizano, ndipo ku tchalitchi ndiye ankapukuta mbale za Mgonero. Kwa iye chinthu chaulemu chimayenera chiyambe chawala. Anatenga polishi ndi kansanza kofewa, n'kupukuta zitsulo zija mpaka anadziona nkhope. Kenako anapopera penti pamwamba pake. Kunena zoona, zinakongola. Aliyense wodutsa ankaima.

Tsiku la ukwati amayi anamata maliboni ndi tepi pa galimoto, ulendo n'kuyamba pa msewu wa mabampu. Pofika pa tchalitchi penti inali ikulendewera ngati makoko a nthochi. Mkwati potsika anakhudza chitseko, ndipo diresi lake loyera linatenga zidutswa zasiliva kuyambira m'chiuno mpaka pansi. Nthungululu zinazima. Ena anaseka, ena anatulutsa mafoni. Aphunzitsi Andreya anangomuyang'ana Lenia, ndipo maso amenewo anamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Lenia anadzitsekera m'nyumba. Manyazi ake anali oti ngakhale kumjigo ankapita anthu atabalalika. Koma manyazi sadyetsa ana, ndipo chiliza chinali chikubwera ndithu anthu akadzagulitsa fodya.

M'mawa wina anakwera minibasi kupita ku Mponela kwa mdala Elia, mnzake wakale wa malemu pa ntchito ya penti. Atafotokoza zonse, mdalayo anaseka mpaka kutsokomola.

"Munapukuta? Ndi polishi? Mayi inu, safunsa anadya phula! Penti imafuna pogwira, ngati munthu wokwera chitunda cha ku Ntchisi mvula itagwa. Chitsulo chonyezimiracho muyambe mwachikhula ndi sandipepa mpaka kuwala konse kuthe. Muchitsuke ndi thinazi, mankhwala osungunulira penti aja, ngakhale chala chanu chisakhudzeponso. Mupake pulaimala, penti yapansi yogwira zitsulo, iume. Pentiyo izibwera pang'onopang'ono, osati ngati mukuthirira dimba."

Lenia anabwerera ndi mabampala othyoka amene anatola kuseri kwa magalaja. Tsiku loyamba kukhula chitsulo chowala, mtima unamuwawa ngati akuononga chinthu cha mwini. Anasiya pakona pena pakunyezimirabe, poganiza kuti palibe kanthu. Penti inamatukira pomwepo. Anayambiranso. Ulendo wachiwiri anafulumira, penti n'kuyenderera ngati misozi. Ulendo wina lole inadutsa, fumbi lonse n'kukhala pa penti yaiwisi, ndipo anaphunzira kuyamba wawaza madzi pansi.

Zala zinasupuka. Chakudya cha ana chinkachokera ku mafelemu a mawindo ndi njinga za kabaza zimene ankapaka. Anthu odutsa ankafunsa mwachipongwe ngati kukubwera ukwati wina. Iye ankangowerama n'kumakhula.

Sanafunenso kukhulupirira maso okha. Bampala iliyonse akamaliza ankaiika padenga kuti dzuwa ndi mvula ziimenye. Ina anaimangirira kumbuyo kwa matola opita ku Ntchisi kuti ikagwedezeke m'mapiri ndi kubwerera. Ankamata tepi n'kumatula mwamphamvu. Tsiku limene tepi inachoka yoyera, anavala chitenje chake chabwino n'kupita ku Dzoole.

Anagwada pakhonde. "Aphunzitsi, ndinakuchititsani manyazi pamaso pa mpingo. Ndibwerekeni galimotoyo ndikonze zimene ndinaononga."

Aphunzitsi anati, "Mayi, ine ndakalambira m'kalasi. Mwana wolakwa samu amene wabwera yekha kudzabwereza sindinamubwezepo. Mawa ndiibweretsa."

Lenia anagwejemula zitsulo zonse, n'kuzikhula chimodzichimodzi, ngakhale m'makona mosafika chala. Sanathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pijo inatuluka mvula ili pakati, ndipo inayenda m'matope dzinja lonse, ku maliro, ku misonkhano ya mpingo, kuchigayo. Penti sinasunthe. Eni magalimoto akale anayamba kufunsa aphunzitsi kuti anapakitsa kuti.

Fodya atagulitsidwa, abale anamanga chiliza cha Nedson. M'mawa mwake a Obed anafika pa shedi ndi ngolo, monga ananenera. Anapeza magalimoto awiri akale akudikira, ndipo aphunzitsi anali pa benchi, Pijo yawo ili pambali. Lenia anawalonjera a Obed ndi kuwapatsa mpando.

A Obed sanakhale. Anapita pa Pijo ija, nawerama, n'kuyamba kukanda bampala ndi chikhadabo.

"Kandani ndithu, alamu," anatero Lenia. "Limbikirani."

Anakanda kutsogolo. Anazungulira, nakanda kumbuyo. Anayesa m'mphepete mwa chitseko. Kenako anaimirira, nayang'ana kompuresa, nayang'ananso ng'ombe zawo.

"Ng'ombezi zatopa ndi zitunda, mlamu," anatero. "Chitsulo cholemera chotere sizingakoke. Chizikhala pompano."

Ngolo inabwerera yopanda kanthu. Lenia analowa m'shedi, nakhala pa chitini cha penti, n'kulira kwambiri. Atatha anapukuta m'maso n'kuyatsa kompuresa, chifukwa eni magalimoto anali akudikira.

Inu owerenga, mwina nanunso munalakwitsa ndi mtima wonse, mukuganiza kuti mukuchita zabwino, ndipo anthu anaona. Lirani, palibe choletsa. Koma mukatha, pitani mukafunse kwa odziwa, ngakhale akusekeni. Bwererani kwa amene munamulakwira. Yambiraninso ntchitoyo, ndipo ikakanika muyambirenso. Mtima wanu usagwe pansi nthawi isanakwane, pakuti amene akubwera kudzakulandani akhoza kubwerera chimanjamanja.