Simbi Imene Ndinawagulira Achemwali

Lachinayi lapitali ndinatsala pang'ono kuwononga ukwati wa anthu amene sindikuwadziwa n'komwe. Ndipo sindinachite kufika kwawo ayi. Ndinangogula simbi yositira.

Achemwali anga, a Felista, ndi telala pa boma pa Phalombe. Amasoka mayunifolomu ndi madiresi, ndipo tinsalu totsala amatilumikiza n'kupanga zofunda za zigamba zimene aphunzitsi ndi anamwino amalimbirana ikafika Juni. Zaka zonsezi akhala akusita ndi simbi ya makala. Magetsi atalowa m'kashopu kawo, anandituma kuti ndikapita ku Limbe ndikawagulire simbi ya nthunzi.

Anayamba kulongosola mtundu umene akufuna. Ine ndinawadula.

"Achemwali, simbi ndi simbi. Ndikudziwa."

Ndinasankha yonyezimira, yopepuka ngati mbale ya pulasitiki, mabatani mbwee. Wogulitsa sanaiyatse, inenso sindinapemphe. Mtengo unali wotsika, katoni yake yokongola. Chikomekome cha mkuyu.

Inagwira ntchito milungu itatu. Lachinayilo ndinawapeza achemwali akumaliza diresi la mkwatibwi wa ku Nkhulambe, ukwati wake Loweruka. Loyera mbee. Analiyala patebulo n'kudina batani la nthunzi. Simbi ija inatsokomola kawiri, kenaka inalavula madzi a dzimbiri pachifuwa penipeni pa diresi.



Achemwali anayesa sopo, anayesa ndimu. Banga linangofalikira m'mbali. Mayi a mkwatibwi anali atanena kuti afika masana omwewo kudzatenga diresi, ndipo dzuwa linali litakwera kale.

"Libiseni," ndinatero. "Muwauze kuti silinathe."

Anandiyang'ana. "Achimwene, ndiname pa ntchito yanga?"

Posakhalitsa njinga ya kabaza inaima pakhomo. Anatsika mayi wachikulire, mapazi ali fumbi lokhalokha, akumwetulira. Achemwali anawapatsa mpando, kenaka anatambasula diresi pamaso pawo osabisa kanthu.

Kumwetulira kuja kunatha.

"Atelala, mwanditani? Abale athu anyamuka kale ku Mozambique. Mwana wanga alowe m'tchalitchi ndi chimenechi?"

"Ndalakwa ndine, mayi. Ndipatseni mpaka mawa masana."

"Mukalephera?"

"Sindilephera."

Dzina langa sanalitchule. Ine ndinali chiimire pakona, ndikuyang'ana pansi ngati ndataya singano. Akanandikalipira pamaso pa mayiwo, mwina mtima ukanapepuka.

Mayi aja atapita, achemwali anatenga lumo n'kuyamba kusomola chifuwa chonse cha diresi, ulusi umodziumodzi. Nsalu yotsala inali yongokwanira kudula kamodzi. Sizasi ikanaphonya pang'ono, panalibenso pogwira, chifukwa nsalu ya mtundu umenewo pa boma pano siipezeka. Anayeza katatu asanadule. Ine anandituma chinthu chimodzi chokha: kukoleza makala m'simbi yakale ija. Anasita atayala kansalu konyowa pamwamba, akupuma mosamala ngati mpweya wawo ungadetse diresi.

Lachisanu mayi aja anabweranso. Anatulutsa diresi panja padzuwa, kulitembenuza kunsi, kuyendetsa chala msoko uliwonse. Anatenga nthawi.

"Lakhala bwino," anatero potsiriza. Akukwera njinga anawonjezera: "Mng'ono wake akwatiwa chaka chamawa. Tidzaona."

Tidzaona. Mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo kwa telala wa dera ngati lathu? Kuno kulibe chikwangwani chimene chimaitana makasitomala. Mbiri imayenda pakamwa, kumjigo, kuchigayo, pobwera ku mapemphero. Zaka khumi ndi zisanu za misoko yowongoka zikhoza kufufutika ndi banga limodzi.

Titatsala awiri ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa ndisanakwere minibasi ya ku Limbe. Kodi munkafuna simbi yotani?

"Yolemera," anayankha. "Chofunda cha zigamba chili ndi misoko yambirimbiri, ndipo uliwonse uyenera kugona usanalumikize chigamba china. Simbi yopepuka umachita kuikanikiza mpaka phewa kuwawa, msoko n'kudzukabe. Mphuno yake ikhale yosongoka kuti ilowe m'makona. Moto uzitheka kuchepetsa, chifukwa nsalu yoterera siifuna moto wa yunifolomu. Nthunzinso izitheka kutseka."

Anainyamula simbi yanga ija n'kundionetsa kunsi. Timabowo take tinali titatsekeka ndi zoyera ngati phulusa.

"Madzi a m'mijigo ya kuchigwa kuno ndi amchere. Ndinkafuna yoti m'kati muzioneka, muzitsukika. Iyi ndinkathira madzi osaona chimene chikuchitika m'mimba mwake. Ndikanapita ndekha, ndikanatenga kachigamba m'chikwama, aiyatse pomwepo ndione. Akakana, ndituluke."

Zonsezi ankazidziwa tsiku lija. Chinasowa ndi khutu langa. Safunsa anadya phula, koma pano phulalo anadya ndi wina.

Ndiye tisanamizane, si ine ndekha. Ndi abambo angati amene amagula khasu la akazi awo osafunsa kutalika kwa mpini, pamene wolimira ndi mayi? Ndi makomiti angati amene amakhala pansi n'kusankhira gulu la amayi makina osokera, pakati pawo palibe amene anapondapo makina? Katundu amafika, timaombera m'manja, timajambulitsa. Pakatha miyezi iwiri chidacho chili pakona chafundidwa chitenje, ndipo timati anthu ake ndi osasamala.

Timaganiza kuti amene wagwira chikwama ndiye wagwiranso nzeru. Amene wapitako ku tauni, amene amawerenga Chingerezi cha pakatoni, ndiye wodziwa. Chonsecho chida chikalakwa, amene amaima pamaso pa kasitomala n'kunena kuti "ndalakwa ndine" si wogula uja.

Loweruka likubwerali achemwali akupita okha ku Limbe. Ndinadzipereka kuwaperekeza. Anati ndikhoza kubwera, bola ndikanyamule katundu, pakamwa ndikatseke.

Nanga inu, chida chimene munagulira munthu posachedwapa, munamulola kumaliza kulankhula?