Kalata ya mlatho inatsala m'jekete

Bambo anga sankatchula aphungu a dera lathu ndi maina awo. A nthawi ya chipani chimodzi ankawatchula ndi zizindikiro zovotera: uja wa khasu, uja wa nkhwangwa. Otsatirawo ankawadziwa ndi mtundu wa galimoto zawo. Anawaona onse, kuyambira pomwe kwathu kunali kumchira kwa boma la Chadiza mpaka Vubwi atakhala boma palokha, ndipo aliyense anamulembera kalata. Nkhani inali imodzimodzi: mlatho pa mtsinje wathu. Mvula ikagwa masiku awiri, chipatala chimatsala kutsidya, ife kuno, odwala n'kumadikira madzi kuti aphwe.

Bambo kulemba sankatha. Ankanena mawu, wina n'kulemba, iwo n'kudinda chala. Nditayamba uphunzitsi ku Katete, ntchito yolembayo inagwera ine, ndipo ndinkaichita monyada, poti ndinali nditayamba kudzimva kuti ndine munthu.

Chaka china tinamva kuti phungu watsopano abwera kudzathokoza anthu pabwalo la sukulu. Bambo anati makalata a papositi amasochera, tsono iyi iperekedwe pamanja. Anthu a m'mudzi anagwirizana kuti wolankhula ndikhale ine.

"Ukawerenge kaye mokweza, aliyense amve," anatero bambo pondipatsira kalatayo. "Ukatha ukawapatse m'manja mwawo, osati mwa owanyamulira chikwama."

Iwo sanapite, miyendo inali itatupa. Ndinavala jekete langa labuluu, kalata ndinaika m'thumba la m'kati.

Kwathu mlendo sumulandira ndi dandaulo. Umayamba wawomba m'manja, kuthokoza kuti wayenda bwino, kutamanda pang'ono, pempho limabwera kumapeto ngati kuti wangolikumbukira. Mwambowu ndi wabwino, ndipo sindiunamizira. Woipa ndinali ine. Anandikhazika pampando mumthunzi, pafupi ndi aphunguwo, anthu a kwathu ali padzuwa. Atandiitana kuti "aphunzitsi athu ochokera ku Katete", mutu unakula. Ndinathokoza m'Chichewa, anthu anawomba m'manja. Ndinathokozanso m'Chingelezi kuti alendo adziwe kuti kumudzi kuno kulinso ophunzira. Aphungu anagwedeza mutu akumwetulira, ine ndiye ndinachita kuthira mchere. Dzanja linafika pathumba kawiri, koma ndinkaona kuti mawu a mlatho aononga kukoma komwe kunalipo. Ndili mkati motamanda, woyendetsa mwambo anandinong'oneza kuti nthawi yatha, alendo akuyembekezeka kwina. Ndinakhala pansi.

Mpata unalipobe. Aphunguwo anandigwira chanza pokwera galimoto, n'kunena kuti ndimalankhula bwino. Ndinangoti zikomo. Anthu a kwathu anayesa kuti kalata ndapereka nthawi yomweyo, ine sindinawatsutse.

"Alandira?" anafunsa bambo nditafika.

"Alandira, bambo."

Bodza limenelo ndinalilera miyezi isanu. Ndikanatha kuitumiza kalatayo papositi, koma kuikhudza kunali kuvomera zomwe ndinachita, choncho jekete ndinalipachika kumudzi komweko osalivalanso. Bambo anagula mabatire. Masana Nyumba ya Malamulo ya ku Lusaka ikamakambirana, ankakhala pakhonde ndi wailesi, ngakhale Chingelezi sankachimva. Ankangotchera khutu kudikira liwu limodzi, dzina la dera lathu. Ndikabwera Loweruka ankandiuza kuti sabata ino alitchula kamodzi, kapena mwina inali nkhani ya mlatho? Ine ndinkati zinthu za boma zimayenda pang'onopang'ono. Ndinkawayang'ana nkhalamba akupukuta wailesi ndi nsonga ya malaya.

Mvula itayamba kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo, ndipo bambo anatenga jekete lija poti lawo linali litang'ambika. Ine kunalibe. Loweruka lotsatira ndinawapeza pakhonde, wailesi ili chete. Jekete linali lopindidwa bwino pampando, kalata ili pamwamba pake, chidindo cha chala chawo chikuonekera.

"Mwafika, aphunzitsi?" anatero.

Moyo wanga wonse ankanditi iwe. Ndinagwada pansi, ine amene ndinalankhula zinenero ziwiri pabwalo.

Sanakalipe. Anatenga kalatayo, anaiwongola pabondo, n'kuiyang'ana nthawi yaitali ngati akuwerenga.

"Zaka zonsezi ndimadandaula kuti ku Lusaka n'kutali, mawu athu amafera m'njira," anatero. "Sindinadziwe kuti sanatuluke n'komwe m'nyumba muno."

Ndinapempha kuti ndikaipereke ndekha ku ofesi ya aphungu Lolemba. Anapukusa mutu, naika kalatayo m'thumba la malaya awo. M'mawa mwake anapita kutchalitchi akutsimphina, ndipo mapemphero atatha anapempha mlembi wa mpingo kuti awalembere ina.

Bambo anamwalira chaka chotsatira. Masiku ano ndikamva anzanga m'chipinda cha aphunzitsi akunyoza aphungu kuti akafika ku Lusaka amangowomba m'manja n'kuiwala omwe anawatuma, sindiponyapo mawu. Ine anandituma pabwalo la sukulu, pamtunda woti nkhuku imafika, ndipo mpando wa mumthunzi ndinaukhalira ola limodzi lokha.