Maungu a mlongo wanga ndi mankhwala a mbozi

Dzungu silibereka popanda njuchi. Zimenezi ndinazidziwa mochedwa, nditatsala pang'ono kuthetsa mbewu ya maungu imene mlongo wanga wamkulu wakhala akusunga chimwalirireni mayi athu.

Mlongo wangayo amalima ku Nkomeshya, pamunda wa makolo. Ine ndimakhala ku Silverest ndipo m'mawa uliwonse ndimakwera minibasi kupita ku ntchito ku Lusaka. Maungu awo ndi otuwa, a khungu lolimba, ndipo amafika chilimwe osawola. Mbewu yake sipezeka m'sitolo. Chaka chilichonse amasankha maungu okhwima bwino, n'kuyanika nthangala zake, ndipo mvula ikagwa amazibzala m'mizere ya chimanga momwemo. Chaka chimene ndikunenachi anabzala zonse, osasiyako ndi imodzi yomwe.

Chimanga chitafika m'mawondo, mbozi zinalowa m'munda. Ndinagula mankhwala m'tauni, ndinabwereka chopopera, n'kupita Loweruka. Ndinawalangiza kuti azipopera sabata iliyonse dzuwa likangotuluka, mphepo isanayambe. Anandifunsa ngati chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu, chidyeka, ndinati adikire masiku angapo asanathyole. Za maluwa palibe anafunsa.

Mbozi zinachepadi. Koma patapita masabata atatu anandiimbira foni ndili mu ofesi.

"Iwe, mankhwala yako yanipweteka. Masamba yalipo, maluwa yalipo, koma nilibe dzungu olo limodzi. Tumatuluka, tumafota, tumagwa."

Ndinakana. Ndinati pabotolo palembedwa za mbozi, osati za maungu. Anandiyankha kuti botolo silinalimepo munda, n'kudula foni.

Ntchito yanga ndi yofunsa mafunso, choncho ndinakafunsa mlangizi wa zaulimi. Anandifotokozera mwachidule. Dzungu lili ndi maluwa aamuna ndi aakazi, ndipo lachikazi limadziwika ndi kampira kamene kamakhala kunsi kwake. Duwa limatseguka m'mawa, limatseka dzuwa lisanafike pamutu, ndipo silitsegukanso. Mungu wake ndi wolemera, mphepo siunyamula. Njuchi ikapanda kufika m'maola amenewo, kampirako kamayoyoka. Ndiye kuti nthawi yopopera imene ndinasankha ine ndi nthawi yomwe njuchi zimakhala m'maluwa. Anawonjezera kuti kuderalo njuchi zinachepa kale, chifukwa mitengo ikuluikulu ya mphako inapita ku makala.

Loweruka lotsatira ndinakaima m'mundamo m'mawa. Maluwa achikasu anali mbwee, koma kunali zii. Kumalire kwa munda kuli mtengo umodzi wa mphako umene njuchi zinkakhalamo, ndipo patsinde pake tinapeza zakufa zitadzaza nyerere.

Panatsala njira imodzi imene mlangiziyo anandiuza: kuthyola duwa lachimuna, kusadzula masamba ake, n'kukhudzitsa mungu m'kati mwa lachikazi. Mlongo wanga anandiyang'ana kwa kanthawi ndikuchita zimenezi nditagwada m'matope, nsapato za ku ofesi zili kumapazi.

"Manje pa ukalamba wanga nikhale nkhoswe wa maungu?"

"Ba sisi, ngati simufuna, mbewu ya amayi yatha chaka chino."

Anathyola duwa lawo n'kuyamba mzere wina. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kupopera, ndipo m'mawa uliwonse ankayendera mundawo duwa ndi duwa asanapite kukatunga madzi. Mbozi zotsala ankazithira mchenga wosakaniza ndi phulusa pamwamba pa chimanga, pamene zimabisala. Ndi ntchito yowawitsa msana, ndipo sanalephere kundikumbutsa zimenezo pafoni.

Mvula inali itatsala pang'ono kutha, choncho maungu anakhwima ochepa. Anakana kupatsako munthu, ngakhale ine. Anawadula okha, kudya okha, n'kuyanika nthangala zonse palichero.

Sindinena kuti mankhwala ndi oipa. Chimanga chija anachipulumutsa. Cholakwa changa chinali kuona mbozi yokha m'munda momwe chimanga, dzungu, njuchi ndi mtengo wa kumalire zimadalirana.

Tsopano tapachika ming'oma iwiri mumtengo uja, yopakidwa phula m'kati, ndipo mlangizi akuti njuchi zikhoza kulowamo mitengo ikayamba maluwa nyengo yotentha. Mankhwala akafunikanso mlongo wanga adzapopera madzulo, maluwa atatseka. Mvula yoyamba ikagwa adzabzala theka la nthangala, theka lina lidzatsala m'botolo.