Munda uli ku Santhe, chilolezo chili ku Kapelula

Lachiwiri ndinaperekeza azakhali anga a Nabanda ku ofesi ya kampani ina ya fodya pa Santhe. Amuna awo a Phiri anatisiya mvula itangotha, ndiye azakhali amafuna kuona zimene zinalembedwa mu kompyuta za munda wawo: maekala amene anayezedwa ndi mbiri ya zaka zonse alimira kampaniyo. Popanda mbiri imeneyi sangalembetse m'dzina lawo chaka chino, ndipo mukudziwa nokha kuti nthawi yofesa nazale siidikira munthu.

Ine ndimayesa tingolowa n'kutuluka. Ndinanama.

Mtsikana wa pa kompyuta anatilandira mwaulemu. Anati zonse zilimo, iye akuziona, koma sangationetse mpaka mwini dzina avomereze. Makina amatumiza nambala yachinsinsi pa foni ya mwiniyo, iye n'kuitchula, basi zatseguka.

"Mwanawe," anatero azakhali, "mwini dzinayo tinakamuika kumanda. Mwini munda ndi ine ndakhala panone."

Sananame. A Phiri anali mkamwini, mundawo azakhali anasiyiridwa ndi mayi awo. Koma tsiku lolembetsa amene anapita anali a Phiri, poti njinga inali yawo, foni yawo, ndipo azakhali anali m'chigafa kusoka fodya.

Nanga foniyo? Tsiku lometa, pogawa katundu wa malemu, inapita kwa mng'ono wawo wa a Phiri ku Kapelula, pamodzi ndi jekete ndi wailesi. Palibe anatsutsa. Ndani akanaganiza kuti m'kafoni kosweka galasi kaja muli kiyi wa munda?

Tinawaimbira alamuwo. Anavomera kuti nambala yafika, koma anati sangaitchule asanadziwe chimene ikutsegula, popeza ndi za achimwene awo. Anati azakhali apite ku Kapelula akakambirane pachibale. Mayi aliyense wamasiye amadziwa kuti kukambirana kotereku munthu sabwerako ndi zonse anapita nazo.

Mtima unandiwawa, ndipo ndinamufunsa mtsikanayo mokalipa kuti lamulo lotere analiikiranji. Anandiuza kuti kale anthu ankabwera n'kunama kuti ndi abale, n'kutenga nambala za mlimi, mawa lake fodya wa mavenda wagulitsidwa m'dzina la munthu wosadziwa kanthu. Ndinaziziratu. Alimi tinadandaula tokha kuti zinsinsi zathu zili pambalambanda. Walira mvula walira matope.

Koma chikundizunguzabe mutu n'chakuti, amene anapanga makinawa amaganiza za khomo la ndani? Iwo amadziwa munthu mmodzi, foni imodzi. Kwathu kuno foni imabwerekedwa, imakagona kotchajitsa, imagawidwa pamaliro. Bwanji polembetsa safunsa kuti, inu mukadwala kapena mukachoka, winanso woyenera kuona ndani? Kodi limeneli ndi funso lovuta, kapena timangoopa kutchula imfa pa ofesi?

Njira ina ilipo, anatero mtsikanayo. Kalata ya amfumu ndi chiphaso cha imfa azitumiza ku likulu. Ndinafunsa kuti kumeneko wovomereza ndani. Sakumudziwa. Ayankha liti? Sakudziwanso. Akakana, tikadandaula kwa yani? Anangoseka mwamanyazi.

Ndiye taonani zachilendozi. Mtsikana amene sanapondepo m'mundamo akuona zonse. Alamu amene sanagwirepo khasu mmenemo ali ndi mphamvu yotsegula. Amene msana unapindikira mmenemo akupempha.

Kalata tatumiza. Ku Kapelula azakhali akanitsitsa kupita. Dzulo ndinawapeza kudimba akukonza mabedi a nazale, ndipo nditafunsa ngati si bwino kudikira kaye yankho, sanaweramuke n'komwe.

"Ndifesa," anatero. "Akakana, adzabwere okha adzauze fodyayu kuti alibe mwini."

Inu amene mukuwerenga, za munda wanu, za kuchipatala, za ana kusukulu, nambala yake imafika pa foni ya ndani? Ndipo foniyo, tsiku lometa, adzatenga ndani?