Utaka Wonyowa m'Dambo la Makande

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi chaka chimene bambo anga anagwa padenga akufolera nyumba, n'kuthyoka mwendo. Anathyoka pa nthawi yoipa. Mvula inali itayamba kuwaza, ndipo ku chilumba cha Mbenji anali atatsala pang'ono kutseka usodzi, monga amachitira chaka ndi chaka kuti nsomba ziswane. Akatseka chilumbacho, ife a m'mbali mwa nyanja timatha miyezi osaona utaka wogulitsa. Ndiye dengu lomaliza la utaka wouma limene bambo anasonkhanitsa linali chakudya chathu cha dzinja lonse. Linangokhala pakhonde lomangamanga, eni ake ali gone pamphasa, mwendo uli m'chikhakha.

Kwathu tinabadwa atsikana okhaokha, woyamba ine. Njinga ndinkaidziwa, chifukwa kuchigayo ndi kusukulu ndinkapita nayo, ndipo ndinkadzitama kuti panalibe mnyamata m'mudzi mwathu wondisiya pamchenga. Choncho malume anga, a Gelesomu, atanena kuti nditsagane ndi gulu lawo la ogulitsa nsomba kumsika wa kumtunda, cha ku Mvera, ndinavomera mayi asanatsegule n'komwe pakamwa. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti, "Esinati, nsombazo zisanyowe."

Tinakumana kutangocha pa mtengo wa mango wa kuseri kwa tchalitchi. Wotsogolera gulu anali a Twaibu, bambo wachikulire wachisilamu, wa kapusi koyera ndi mawu ochepa. Panali malume, amuna ena angapo, ndi a Daisoni, mnyamata amene anali atangokwatira kumene, wa pakamwa pakuthwa ngati lumo. Atangondiona ndikukankha njinga ya bambo anaseka.

"A Gelesomu, tayamba kuyenda ndi ana asukulu tsopano? Thewera mwamutengera?"

Ine mumtima ndinkaseka njinga zawo. Zonse zinali zamaliseche, zopanda madigadi, matayala ali pamtunda. Ya bambo inali ndi madigadi akuda onyezimira, amene ankawapukuta Loweruka lililonse. Sindinkadziwa kuti oyenda njira yachidule ya m'dambo amachotsa madigadi mvula yoyamba ikangogwa. Bambo sankachotsa chifukwa iwo ankakonda kuyenda okha, kudzera pa tala mpaka kuboma n'kukwera chitunda. Malume anayesa kumasula madigadiwo ndi sipanala, koma mabawuti anali atadyana ndi dzimbiri. A Twaibu anayang'ana kumwamba nati, "Tiwoloka dambo mvula isanabwere, Inshallah." Tinanyamuka.

Chigawo choyamba cha ulendo chinandikomera. Dengu linkandikokera uku ndi uku pakaliyala, koma ndinalizolowera msanga. Tinadutsa minda ya mpunga ya ku Chinguluwe anthu ali m'madzi mpaka m'mawondo, akukonza zigawo zawo, ndipo amayi ena anandikuwira kuti limba mwana wamkazi. Ndinapalasa mwamatama. Dzuwa litakwera tinasiya msewu waukulu n'kulowa m'dambo lalitali, la dothi lakuda la makande, louma gwa ndi long'ambikang'ambika. Tinawoloka kamtsinje koyamba madzi akulekeza m'kakolo. Kamtsinje kachiwiri kanali kutsogolo, kumathero a dambo, ndipo tikanangowoloka kameneko tikanakhala titafika pa nthaka yofiira ya kumtunda.

Mvula inatipeza pakati penipeni. Inachokera kumapiri, yakuda bii, mphepo ili patsogolo pake. Aliyense anatsika n'kufunditsa dengu lake pepala la pulasitiki, n'kulimanga ndi malegeni. Malume anandithandiza kumanga langa. Tisanamalize, madontho akuluakulu anali atayamba kale kutimenya kumsana.

Amene sanayendepo pa makande onyowa sangamvetse. Si matope oterera chabe. Amamata. Ukaponda, phazi limatuluka ndi dothi lolemera kuposa nsapato, ukapondanso lina limawonjezekera. Matayala a anzanga ankanyamula dothi n'kumalitaya okha akamazungulira. Anga ankalilowetsa pansi pa madigadi, mmene linkadzazana mpaka tayala kuima nji. Ndinkathyola kamtengo, kukolokosa, kukankha pang'ono, n'kuimanso. Kukwera kunali kutakanika kale. Malume anakolokosa kutsogolo ine kumbuyo, koma dothi linkabwerera msanga kuposa manja athu.

Gulu lonse linaima kundidikira. Lamulo lawo linali lakuti paulendo sasiya munthu. A Twaibu ankayang'ana kumapiri pafupipafupi, ndipo ndinamva akuuza malume motsitsa mawu kuti madzi a kumtunda akatsika kamtsinje ka kutsogolo sikawolokeka. A Daisoni sanatsitse mawu.

"Tikanakhala tawoloka kale ife! Msika wa lero tiuphonya chifukwa cha njinga yokongola. Kodi bambo ako amapita nayo ku ukwati?"

Mawu amenewo anandilowa ngati munga. Ndinakankha ndi mphamvu zanga zonse kuti ndiwaonetse, phazi linaterereka, njinga inandipulumuka. Inagwa cham'mbali m'khwawa limene ngolo zinakumba, lodzaza madzi. Pepala linang'ambika pa chitsa. Ndinaona ndi maso anga madzi akuda akulowa m'dengu la bambo, ine nditagwada m'matope, osatha kulidzutsa ndekha.

Malume ndi a Twaibu analidzutsa, madzi akuchucha pansi pake. A Daisoni anabwera, anaponda tayala, anagwira digadi lakumbuyo ndi manja awiri n'kulipinda uku ndi uku mpaka linathyoka. Anachita chimodzimodzi ndi lakutsogolo, n'kuponya onse muudzu. Dzanja lawo linachekeka, anangolipukutira pa thalauza. "Tiye tsopano, mfumukazi," anatero.

Njinga inayamba kuyenda, koma nthawi inali itatha. Tisanakaone kamtsinjeko tinayamba kukamva. Titafika tinapeza mtsinje weniweni, madzi ofiira akuthamanga ndi mapesi, nthambi ndi chitsa chathunthu. Mmodzi wa amuna aja anabwerera wapansi kukaona kumene tinachokera, anabwerako akupukusa mutu. Kumbuyo nakonso kunali kutadzaza. Madzi anayamba kufalikira m'dambo mwenimwenimo, mwakachetechete, kudutsa muudzu. Tinakankhira njinga pa chulu chachikulu chimene chinali ndi mtengo umodzi waminga, n'kuunjikana pamenepo.

Sindidziwa kuti tinakhalapo nthawi yaitali bwanji, koma m'moyo mwanga sindinaonepo masana aatali chonchija. Kutsogolo madzi, kumbuyo madzi, kumwamba madzi. Pachulu panali pothina moti ukasuntha phazi unkaponda la mnzako. Linthumbu nalo linali litathawira pomwepo, linkatikwera m'miyendo, ndipo panalibe kothawira. Zovala zinandimata m'thupi, mano ankagundana. Chinangwa chophika chimene mayi anandimangira chinali chitasanduka phala m'thumba.

Koma zonsezo zinali zazing'ono. Chimene chinkandidya chinali fungo. Mwana wa kunyanja amadziwa fungo la utaka wouma, ndipo amadziwa likayamba kusintha. Nsomba youma ikamwa madzi imafufuma, imafewa, ndipo ikakhala yopanikizana m'dengu imatentha yokha mkati. Pofika mawa imakhala itachita nkhungu, yongonyenyeka, yoti ngakhale waulere amaikana. Mankhwala ake ndi amodzi, kuiyanika msanga. Ndiye ndikanayanika pati? Ndinapisa dzanja m'dengu, ndinapeza pamwamba pokha ndi pouma, kuyambira pakati kutsika pansi zonse zili nyowe. Ndinaganiza za azing'ono anga, za mayi akupita kukapempha ganyu m'minda ya mpunga, za nkhope ya bambo ndikamakawauza. Ndinkafuna kulira mokweza, koma a Daisoni anali ataima pafupi nane, phewa lawo likukhudza langa. Ndinameza misozi.

Amuna ena aja ankandilankhula bwino. "Pepa mwana, ndi mmene zimakhalira paulendo." "Usadandaule, Mulungu alipo." Wina anayesa nthabwala, ati walira mvula walira matope, koma palibe anaseka. A Daisoni okha ndi amene sanandipepese. Ankangowerengetsa zimene ataya: msika waukulu wa tsikulo, makasitomala awo a nthawi zonse, mkazi wawo woyembekezera amene anamusiya ndi ufa wa m'kambale. Chilichonse chimene ankanena chinali choona, ndipo n'chifukwa chake chinkapweteka. Ndinadana nawo ndi mtima wanga wonse.

Dzuwa litapendeka mvula inakata, kunatsala kamphepo kozizira. A Twaibu anayala thumba pamwamba pa chulu n'kuswali, ife titatembenukira kumbali kuti tiwapatse malo. Atamaliza anapinda thumba lawo bwinobwino nati, "Alhamdulillah, tili moyo. Masulani madengu."

Sindinamve chimene ankatanthauza. Malume ndi amene anandinong'oneza. Pagulu lawo, nsomba ikanyowa panjira siikhala ya munthu mmodzi. Dengu lathunthu lonyowa limawola, koma zonyowazo zikagawidwa, aliyense n'kuyala pang'ono pamwamba pa katundu wake, mphepo ya panjinga imaziumitsa. Ndiye aliyense amatapa zouma m'dengu mwake kuthira mwa wovutikayo, iye n'kutenga zonyowa zofanana nazo. Wotengayo amadziwa kuti zina sizidzauma, ndipo zimene zauma zimagulidwa motsika. Palibe amene amamuyezera. Munthu amatapa mmene mtima wake wamuuzira.

Anandikhuthulira zouma zanga zochepa zija papepala, n'kuyamba kubwera mmodzimmodzi. A Twaibu anatapa kokwanira, malume chimodzimodzi. Amene ankandipepesa aja anatapa timanja tiwiri titatu, posankha zapamwamba zimene zinangonyowa pang'ono, akundimwetulira. Sindiwanena, nawonso anali ndi ana kunyumba. Koma atatha onse, pansi pa dengu panali patatsala mulu wa zoipitsitsa, zomwa madzi akuda, zosakanikirana ndi dothi. Aliyense anayang'ana kumbali.

A Daisoni anabwera pomalizira, akung'ung'udza. "Msika ndaphonya, dzanja ndachekeka, tsopano ndisenzenso matope a eni ake. Ine ndinalakwira ndani?" Akulankhula choncho anapisa manja onse awiri mpaka pansi, anakokolola mulu wonse uja, osasiya ngakhale kamutu. Kenako anapendeketsa dengu lawo n'kukhuthulira utaka wawo m'dengu mwanga, wouma bwino, wonyezimira, mpaka langa linadzaza kufika pamene linali m'mawa. Lawo linatsika kwambiri.

"Zikomo, achimwene," ndinatero.

"Zikomo wakoyo ndikadyetsa mkazi wanga? Gwira dengu bwino, ungaligwetsenso."

Madzi anaphwera chakumadzulo. Tinawoloka akulekeza m'chiuno, njinga zili paphewa. Dengu langa analisenza pamutu a Daisoni, akundinyoza kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo, ati miyendo yanga ndi ya dokowe. Msika wa tsikulo tinauphonyadi. Tinagona kwa abale awo a a Twaibu, ndipo m'mawa mwake tinakagulitsa pa kamsika kena kakang'ono ka m'mbali mwa msewu.

Utaka wanga unatha dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa unali wouma wokhawokha. Za a Twaibu ndi malume zinali zitaumako, anagulitsa motsika koma anagulitsa. Nditapita kuseri kwa msika kukasamba m'manja, ndinapeza a Daisoni atanjuta pafupi ndi dzala, akusankha mulu uja. Zambiri zinali zitachita kale nkhungu. Ankaponyera agalu, nazonso ntchentche zili ng'waa. Atatukula mutu n'kundiona anandikalipira.

"Ukuyang'ana chiyani? Sunaonepo agalu akudya?"

Ndinathawa. Nditafika kunyumba ndinafotokoza zonse, koma ndikukumbukira kuti nkhani imene ndinaikokera kwambiri inali ya mwano wa a Daisoni. Mawu awo ndinkawabwereza limodzi ndi limodzi, mpaka kutsanzira kalankhulidwe kawo, azing'ono anga akugubuduka ndi phwete. A Daisoniwo sanasinthe. Tikakumana padoko ankandifunsa ngati ndabwera ndi njinga ya ukwati, ine n'kumadutsa nditakwinya nkhope. Patapita zaka zingapo anasamukira kwawo kwa mkazi wawo, ndipo sindinawaonenso.

Tsopano ndine mayi wa ana anga, ndipo mavuto andiyendera monga ayendera aliyense. Ndaona kuti pa tsiku loipa opepesa sasowa. Amabwera ndi nkhope zachifundo ndi mawu ofewa, ndipo mawuwo amatonthozadi, sindikana. Koma ndinaphunzira kuyang'ana kumene manja a munthu akupisa, pamwamba kapena pansi. Ndinaphunziranso kuti wokuthandiza zenizeni nthawi zambiri amakhala wokwiya, chifukwa chimene akukupatsacho chikumupweteka, ndipo akudziwa bwino amene akagone ndi njala m'malo mwako. Munthu wotere sindimuyembekezeranso kuti andimwetulire.

Dzinja limenelo kwathu sitinagone ndi njala ngakhale tsiku limodzi. Kwa a Daisoni, kumene kunali mayi woyembekezera, sindidziwa kuti anadya chiyani.